Webusaiti ikuonetsa alendo ambiri koma foni sikulira: mmene mungafufuzire pamene pali vuto

Pali dandaulo limodzi limene ndalimva kawirikawiri kwa anzanga amene ali ndi timabizinesi topereka upangiri muno mu Lilongwe, kaya ndi owerengera ndalama za makampani, othandiza pa nkhani za msonkho, olemba mapulopozo a mabungwe kapena ophunzitsa anthu ogwira ntchito. Munthu analipira ndalama zooneka kuti amupangire webusaiti, womupangirayo anaikamo Google Analytics, chida cha Google chowerengera alendo a pa webusaiti, ndipo mwezi uliwonse lipoti likumuuza kuti pa webusaiti yake pafika anthu mazana angapo. Koma foni sikulira, imelo sikubwera, ndipo makasitomala amene akugwira nawo ntchito ndi omwe aja anawapeza kudzera mwa mnzake wa kutchalitchi kapena wa kuntchito kwake kwakale. Zikapitirira chonchi, ena amaleka n'kutsegula komwe lipotilo, pamene ena amathamangira kulipira malonda pa Facebook poganiza kuti chimene chikuchepa ndi alendo. Ine ndinadutsamo m'zonsezi ndi kaofesi kanga ka ku Area 47, ndipo ndinaona kuti kuitana alendo ambiri usanadziwe pamene akutayikira amene akubwera kale n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Ndikupemphani kuti muzifufuza m'ndondomeko imene ndaiyala pano, chifukwa mukadumpha zoyambirirazi, zonse zimene mudzawerenge pambuyo pake zidzakusocheretsani.

Kodi alendowo ndi anthu enieni?

Musanaganize chilichonse pa chiwerengero cha alendo, chiyeseni kaye. Tsegulani Google Analytics pa kompyuta, pitani pa lipoti lotchedwa Realtime, limene limaonetsa amene afika pa webusaiti m'mphindi 30 zapitazi, kenako tengani foni yanu ndi kutsegula tsamba limodzi lokha. Pasanapite nthawi muyenera kudziona mutawerengedwa kamodzi. Ngati simukuonekamo, ndiye kuti kachidutswa ka pulogalamu kamene amakatcha tag kachoka pa tsambalo kapena n'kakale. Nambala ya tag ya masiku ano imayamba ndi G-, pamene yoyamba ndi UA- ndi ya Universal Analytics, Google Analytics yakale, imene inasiya kulandira ziwerengero pa 1 Julaye 2023. Ngati mwatsegula tsamba kamodzi koma page_view, ndiko kuti kutsegulidwa kwa tsamba, yawerengedwa kawiri, tag inaikidwa kawiri, ndipo izi zimachitika kwambiri pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, pamene wina waika Site Kit, chida cha Google chimene chimaika tag chokha, pomwe wina anali atamata kale tag yomweyo mkati mwa webusaiti. Vuto limeneli n'lonyenga kwambiri. Google Analytics imati mlendo wachita chidwi ngati wakhala masekondi oposa 10, kapena watsegula masamba awiri, kapena wachita chinthu chimene munachisankha kuti n'chofunika, choncho tsamba likamawerengedwa kawiri, pafupifupi aliyense amaoneka ngati wachita chidwi ngakhale amene anangosuzumira n'kuchoka. Chida cha Google chotchedwa Tag Assistant chimakuonetsani ma tag onse amene ali pa tsamba, ndipo mukapeza awiri a nambala imodzi, chotsani imodzi.

Kenako dzichotsenimo inu mwini. Pa bizinesi yaing'ono, mwini wake, womuthandiza mu ofesi, amene anapanga webusaitiyo ndi achibale amene auzidwa kuti aione akhoza kukhala gawo lalikulu la alendo onse a mwezi. Google Analytics ili ndi njira yochotsera alendo a mkati pogwiritsa ntchito adiresi ya IP, nambala imene foni kapena kompyuta imadziwikira pa intaneti, koma kwathu kuno njirayi imavuta, chifukwa ambirife timagwiritsa ntchito bandulo ya Airtel kapena ya TNM, ndipo adiresi ya IP ya pa netiweki ya foni imasinthasintha komanso anthu ambiri amagawana imodzi. Mukaitsekera, mawa lake simulinso pa adiresiyo, ndipo mwina mwatsekera kunja kasitomala weniweni. Njirayi igwiritseni ntchito pokhapokha ngati intaneti ya mu ofesi yanu ili ndi adiresi yosasintha, ndipo kumbukirani kuti sefa imeneyi imayamba ili pa Testing, siichotsa kalikonse mpaka mutaiika pa Active. Kwa enafe, chophweka n'kuika Google Analytics Opt-out Browser Add-on pa makompyuta a mu ofesi ndi kusiya chizolowezi chotsegula webusaiti yathu pa foni nthawi ndi nthawi.

Otsala ndi maloboti, mapulogalamu amene amatsegula masamba okha popanda munthu. Google Analytics imachotsa yokha maloboti odziwika, koma ena amadutsabe. Tsegulani lipoti la Demographic details ndipo muone maiko ndi mizinda. Mukapeza alendo ambiri ochokera ku Ashburn, Boardman kapena Council Bluffs ku America, ndipo nthawi imene akhala pa tsamba ndi masekondi 0, dziwani kuti kumeneko kuli nyumba zazikulu za makompyuta a Amazon ndi Google, si anthu ofuna wowathandiza kulemba mabuku a ndalama. Musafulumire kutaya alendo onse akunja, pakuti amene mumagwira ntchito ndi mabungwe othandiza mukhoza kuonedwa ndi munthu weniweni ali ku London kapena ku Oslo, ndipo ameneyo amadziwika chifukwa amawerenga masamba angapo n'kukhalitsa. Komabe pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ikani sefa yakuti muziona a ku Malawi okha. Dzina la mzinda musalidalire kwambiri, chifukwa limachokera pa adiresi ya IP, ndipo munthu amene ali ku Kasungu pa foni akhoza kuoneka ngati ali mu Lilongwe kapena mu Blantyre. Ambiri akamaliza kusefa kumeneku amapeza kuti alendo enieni ndi ochepa kusiyana ndi mmene ankaganizira, ndipo mtima umawawa, koma chiwerengero chochepacho ndicho mungagwirire ntchito.

Yesani khomo lanu ngati ndinu mlendo

Apa ndi pamene ine ndinagwa, ndipo ndidzakhalitsapo pang'ono. Kwa miyezi ingapo ndinkadandaula kuti anthu sakundilembera, osadziwa kuti fomu ya pa tsamba langa inkatumiza mauthenga ku adiresi ya imelo imene wondipangira webusaiti anaitsegula poyeserera, imene ine sindinaitsegulepo n'kamodzi komwe. Wolemba ankaona mawu omuthokoza pa foni yake n'kumadikira yankho, ine ndili chete. Tsiku limene ndinatsegula imeloyo ndinapezamo mauthenga a anthu amene ankafunadi thandizo, ena mwa iwo atafotokoza bwinobwino vuto lawo ndi tsiku limene ankafuna ntchito itatha. Ndinawalembera onse kupepesa, koma nthawi inali itapita. Palibe lipoti la Google Analytics limene likanandiuza zimenezi.

Choncho tengani foni ya mnzanu, osati yanu, ndipo mudzilembere uthenga kudzera pa fomu ija. Onani ngati wafika, onani ngati sunagwere mu Spam, ndipo onani kuti watenga nthawi yotani. Mafomu ambiri a pa WordPress amatumiza imelo m'njira imene Gmail ndi ena amaikayikira, ndipo mankhwala ake n'kupempha wokuthandizani kuti fomu izitumiza kudzera pa SMTP, njira yotumizira makalata, ya imelo yanu yeniyeni. Chitani mayeso amenewa kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, chifukwa fomu imene ikugwira lero ikhoza kuima pambuyo poti pulogalamu ina yasinthidwa.

Batani la WhatsApp liyeseninso, pakuti Amalawi ambiri amakonda kulankhula kumeneko kusiyana n'kudzaza fomu. Linki ya wa.me, imene ili kuseri kwa batanilo, imafuna nambala yoyamba ndi 265, popanda chizindikiro cha kuphatikiza, popanda mipata, komanso popanda 0 wa kumayambiriro kwa nambala yanu. Ndaona mawebusaiti angapo pamene 0 uja anasiyidwa pakati pa 265 ndi nambala, ena analemba nambala popanda 265 n'komwe, ndipo wodina batanilo sakufikani. Onaninso ngati nambala imene ili pa webusaiti ndi imene mukuyenda nayo masiku ano, chifukwa tonsefe tili ndi mzere wina umene tinausiya m'kabati.

Pomaliza pa khomoli, yesani liwiro. Musayesere pa Wi-Fi ya mu ofesi ku City Centre. Zimitsani Wi-Fi, gwiritsani ntchito bandulo wamba pa foni yotsika mtengo, makamaka madzulo pamene netiweki yadzaza kapena magetsi atazima, chifukwa umu ndi mmene mwini hadiweya wa ku Area 25 kapena wa galaja ku Biwi akuonera tsamba lanu. Lipoti la Tech details lidzakuuzani kuti ndi angati mwa alendo anu akubwera ndi foni. Chida chaulere cha PageSpeed Insights chimayesa tsamba n'kutchula chimene chikulilemetsa, ndipo muyezo wa Google ndi wakuti gawo lalikulu la tsamba lizioneka pasanathe masekondi 2.5. Kawirikawiri cholemetsa chimakhala zithunzi zochokera m'kamera zimene zinaikidwa osazichepetsa, kapena zithunzi zosinthanasinthana za pamwamba pa tsamba loyamba. Munthu amene akuona bandulo yake ikutha tsamba lisanatseguke amabwerera, ndipo sadzakuuzani.

Werengani amene akugogoda, osati odutsa

Khomo likakhala kuti likutseguka, phunzitsani Google Analytics kuwerenga chinthu chimene chimabweretsa ndalama. Kwa wopereka upangiri, chinthucho n'chakuti munthu wayesa kulankhula nanu. Mu Admin, pansi pa Data streams, onetsetsani kuti Enhanced measurement ndi yoyatsa, chifukwa imeneyi imawerenga yokha pamene munthu wadina linki yotuluka pa webusaiti kapena watsitsa fayilo monga PDF yofotokoza za kampani yanu. Kudina batani la WhatsApp kumalowa m'gulu la zotulukazo, choncho mukhoza kupanga event yatsopano, ndiko kuti chochitika chowerengedwa, yotenga kudina kokhako kumene linki yake ili ndi wa.me, kenako n'kuiika chizindikiro cha key event, dzina limene Google inayamba kugwiritsa ntchito mu 2024 m'malo mwa conversion. Kudina nambala ya foni kapena adiresi ya imelo kumafuna kukonzedwa padera, ndipo ambiri amachita zimenezi ndi Google Tag Manager, chida cha Google choyendetsera ma tag. Pa fomu, njira imene ndimaidalira n'kupanga tsamba lothokoza limene munthu amafikapo akangotumiza uthenga, ndipo kufika pa tsamba limenelo ndiko kumawerengedwa. Mukasintha zinthu zimenezi dikirani tsiku limodzi kapena awiri musanaweruze, chifukwa malipoti ena amachedwa mpaka maola 48.

Dziwani kuti kudina batani la WhatsApp si kutumiza uthenga, ndipo ziwerengero ziwirizi sizidzafanana. Chimene chandithandiza n'kuika mawu oyambira mu linki ya wa.me, osiyana pa tsamba lililonse, kotero kuti wochokera pa tsamba la msonkho uthenga wake umayamba ndi mawu akuti waona tsamba la za msonkho. Uthengawo ukafika ndimadziwa tsamba limene lagwira ntchito popanda kutsegula lipoti lililonse.

Tsopano pitani pa Traffic acquisition kuti muone njira zimene zikubweretsa anthu ogogodawo. Mudzapeza kuti ambiri alembedwa kuti Direct, ndipo musaganize kuti onsewo analemba adiresi yanu pamtima. Linki imene mwaitumiza pa gulu la WhatsApp, imene ili m'pulopozo ya PDF kapena pa QR code ya pa khadi lanu nthawi zambiri imafika yopanda chizindikiro cha kumene yachokera, ndipo Google imaiponya mu Direct. Mankhwala ake n'kuwonjezera timawu totchedwa UTM kumapeto kwa linki, ndipo tsamba laulere la Campaign URL Builder limakulumikizirani. Pangani linki yakeyake ya pa WhatsApp Status, ina ya pansi pa imelo zanu, ina ya m'mapulopozo, ina ya pa LinkedIn. Lembani timawuti m'zilembo zazing'ono nthawi zonse, chifukwa Facebook ndi facebook zidzawerengedwa ngati njira ziwiri, ndipo musaike UTM pa malinki a mkati mwa webusaiti yanu yomwe. Pakatha miyezi itatu mudzayamba kuona kuti njira ina imabweretsa anthu ambiri osagogoda, pamene ina imabweretsa ochepa koma ogogoda, ndipo nthawi yanu muipereke ku yachiwiriyo.

Anthu enieni, koma osati makasitomala

Zimathekanso kuti alendo ndi Amalawi enieni, khomo likutseguka, koma anabwera kudzafuna zina. Google Analytics siikuuzani mawu amene munthu analemba pofufuza, koma Google Search Console imakuuzani, ndi yaulere, ndipo imasunga mbiri ya miyezi 16. Mu lipoti la Performance, onani mndandanda wa Queries. Nditauona koyamba ndinapeza kuti ambiri ankandipeza polemba mawu ofuna ntchito monga vacancies in Lilongwe, ndipo ena anali ophunzira ofuna chitsanzo cha business plan choti akapereke kusukulu. Anthu amenewa si olakwa, ndipo kuwathandiza si kutaya nthawi, koma sindiwo angalipire lendi ya ofesi. Ngati tsamba limodzi lotere ndilo likubweretsa alendo ochuluka, lichotseni m'kuwerengera kwanu kuti muone mmene masamba a ntchito zanu akuchitira paokha.

M'mndandanda womwewo funani mawu amene amalembedwa ndi munthu amene ali ndi vuto loti alipire kuti lithe: wofuna TPIN (nambala ya wokhoma msonkho), wofuna tax clearance certificate ya ku MRA kuti apikisane nawo pa tenda, wofuna kulembetsa ku PPDA kuti azigulitsa katundu ku boma, kapena bungwe lofuna wolikonzera mabuku oditi isanafike. Ngati mawu otere akuonekera koma webusaiti yanu ili pansi pa tsamba loyamba la Google kapena pa lachiwiri, pamenepo ndi pamene khama lanu lingabale msanga. Mawebusaiti athu ambiri ali ndi tsamba limodzi lotchedwa Services pamene ntchito khumi zaunjikidwa pamodzi m'mizere iwiriiwiri. Patsani ntchito iliyonse tsamba lakelake, mutu wake ukhale ndi mawu amene anthu akulembawo pamodzi ndi dzina la Lilongwe, ndipo mufotokoze zimene munthu ayenera kubweretsa, masiku amene ntchito imatenga ndi mmene mumawerengera mtengo. Ine ndimakhulupirira kuti kubisa mtengo kotheratu kumathamangitsa eni mabizinesi ang'onoang'ono, chifukwa amaganiza kuti upangiri ndi wa makampani a ku Kanengo okha. Ngakhale simungatchule ndalama yeniyeni, nenani ngati kukambirana koyamba n'kwaulere komanso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba.

Powerenga zonsezi kumbukirani nyengo. Amene mumathandiza pa msonkho mukudziwa kuti PAYE imaperekedwa pofika pa 14 ndipo VAT pofika pa 25 mwezi wotsatira, komanso kuti chaka cha ndalama cha boma chimatha pa 31 Malichi. Alendo amakwera ndi kutsika motsatira masiku otere, choncho kuyerekeza sabata ino ndi yatha kungakudetseni nkhawa popanda chifukwa. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha. Ndipo popeza ziwerengero zathu n'zazing'ono, musatengeke ndi maperesenti: ogogoda akachoka pa 3 kufika pa 6 lipoti lidzati akwera ndi 100 peresenti, pamene kusiyanako ndi anthu atatu amene mwina anachokera pa uthenga umodzi wa pa gulu. Onani miyezi itatu pamodzi. Lowaninso mu Admin ya Google Analytics, pa Data retention, ndi kusintha miyezi 2 imene imakhalapo poyamba kuti ikhale 14, apo ayi mukadzafuna kufufuza mozama mu Explore mudzapeza kuti zakale zinafufutika.

Chida chimene chimamanga zonsezi pamodzi ndi kope wamba kapena tsamba la Excel. Aliyense amene wakuimbirani kapena kukulemberani, lembani tsiku, ntchito imene akufuna, yankho lake mutamufunsa kuti anakudziwani bwanji, ndiponso ngati anadzakhala kasitomala ndi ndalama zimene analipira. Maina ndi manambala a anthu akhale m'kope limeneli basi, osati mu Google Analytics, chifukwa malamulo a Google amaletsa kutumizako zinthu zodziwitsa munthu, komanso dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 limene MACRA imayang'anira. Mukamayesa fomu, yang'anani adiresi ya tsamba lothokoza lija kuti isanyamule imelo kapena nambala ya wolembayo, chifukwa adiresi ya tsamba imalowa mu lipoti mmene ilili.

Mukhoza kukonza zonsezi n'kupezabe kuti m'kope lanu ambiri akuti anakumvani kwa mnzawo kapena anakuonani pa msonkhano. Musafulumire kunena kuti webusaiti ilibe ntchito. Bwererani ku Search Console ndipo musefe mawu amene ali ndi dzina la kampani yanu kapena dzina lanu, kenako muyerekeze masiku ake ndi masiku amene munapereka pulopozo kapena kulankhula pa msonkhano. Kwa ine masikuwo ankayendera limodzi, ndipo masamba amene anthuwo ankatsegula anali ofotokoza za ife ndi za ntchito zimene tinagwirapo. Munthu amene wauzidwa za inu, kapena amene ali mu komiti younika mapulopozo, amapita pa webusaiti kukatsimikiza ngati mulipodi musanakumane. Ngati umu ndi mmene zilili kwa inu, siyani kaye malonda olipira ndipo mukonze masamba awiri amenewo: ikanipo chithunzi chanu chenicheni m'malo mwa zithunzi za anthu akunja zotengedwa pa intaneti, maphunziro anu ndi bungwe la akatswiri limene munalembetsako, ntchito zitatu kapena zinayi zimene munamaliza mutapempha chilolezo kwa eni ake, ndi malo a ofesi yanu ofotokozedwa mmene timalondolerana mu Lilongwe, potchula Area, msewu ndi chizindikiro chimene woyendetsa kabaza angachidziwe. Lembetsaninso ofesiyo pa Google Business Profile, imene imaonetsa bizinesi yanu pa mapu a Google ndipo ili ndi lipoti lakelake la anthu amene adina kuti akuimbireni kapena kufunsa njira, ndipo ziwerengero zimenezo muzizilemba m'kope lomwe lija kumapeto kwa mwezi.